Chikuku cha Millicent

Esitele atabwerera kunyumba Lachitatu lija cha m'ma 2 koloko masana, anapeza bokosi lake lozizira lili pakati pa chipinda chochezera, chivindikiro chili pansi. Apongozi ake, mayi Zelifa, anali atakhala pamkeka pafupi ndi khomo, katundu wawo atamanga kale m'chitenje. Pambali pawo panali Millicent, mwana wa zaka zisanu amene mwamuna wake Gerald anabereka ndi mkazi woyamba, malemu Luwiza. Mwanayo anali atavekedwa nsapato zake za kutchalitchi.

Esitele anagwada n'kuvindikira bokosilo msanga, kenako ndi pamene anakumbukira moni.

"Mwaswera bwanji, amayi? Watsekula bokosili ndani?"

"Ndine. Ndimafuna madzi ozizira oti mwana amwe," anayankha mayi Zelifa osamuyang'ana. "Ndapezamo timabotolo khumi ndi tiwiri ta magazi, kalikonse ndi dzina la mwana wa munthu. Kuwerenga ndimadziwako pang'ono. Kena kalembedwa dzina la mdzukulu wa a Timoteyo, wa m'mudzi mwathu momwe."

"Ndi ntchito, amayi. Ana amenewa atuluka zidzolo ndipo akutentha thupi. Timatenga magazi osadzaza ndi kasupuni komwe, akaone ku Lilongwe ngati chili chikuku. Galimoto ibwera kudzatenga 4 koloko."

"Ku Lilongweko akagula ndani?"

Unali mwezi wa Januwale, chaka cha 2003. Chiyambire nyengo ya Khirisimasi, m'maminibasi ndi pazitsime anthu ankangokamba za anamapopa, amene ankati akuyenda m'midzi kupopa magazi a anthu osauka. Mphekeserazo zinayambira kummwera, koma ku Mchinji zinafika msanga kuposa nyuzipepala.

Esitele anali mwana wa mlimi wa mtedza wa ku Guilleme. Ali mu sitandade 7, sisitere wina anamupatsa buku la sayansi lopanda chikuto, ndipo analiwerenga mpaka masamba anathothoka. Anapita ku sekondale, kenako ku yunivesite ku Zomba. Mu 1996 anayamba ntchito m'chipinda choyezera magazi ku Lilongwe, kumene miyezi yoyamba ankangotsuka mabotolo. Pambuyo pake anamutumiza ku Joni zaka ziwiri kukaphunzira za mavairasi, tizilombo tochepetsetsa timene timayambitsa chikuku, poliyo ndi edzi. Atabwerako anapempha yekha kuti azigwirira ntchito kwawo, kumalire, kumene matenda amalowa ndi kutuluka pamodzi ndi malole. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Gerald, wolemba mapepala a katundu pa boda, yemwe tsiku lina anamunyamulira bokosi pamatope osafunsa zam'kati.

Zonsezi mayi Zelifa ankazidziwa, koma ankazifupikitsa: "Sukulu yambirimbiri, mwana palibe."

Gerald analowa mkangano uli m'kati. Amayi ake anayamba kulira atangomuona.

"Luwiza anandisiyira mwana uyu m'manja. Ndisamusiye m'nyumba yosungira magazi. Taona mmene wawondera! Ukudziwa zimene amamuchita iwe ukakhala ku boda?"

"Amayi, Esitele si wotero."

"Ndiye ndine wabodza? Tsekula bokosilo uone!"

Gerald sanatsekule. Anakokera mkazi wake kuchipinda n'kunong'ona. "Asiye apite naye. Mitima ikazizira tikamutenga. Ukudziwa mmene amayi alili."

"Bambo a Mili, ena mwa magazi ali m'bokosimo ndawatenga kwa Zulu komweko, kwanu. Chikuku chili kumeneko. Ndakhala ndikukufunsani khadi la kusikelo la mwanayu, mumangoti linasowa. Analandira katemera kapena ayi?"

"Analandira, ndikuganiza. Nthawi imeneyo mayi ake anali akudwala, zinthu zinali zambiri."

"Mukuganiza? Musamulole apite. Ndikukupemphani."

Koma Gerald anatuluka n'kunyamula chitenje cha katundu wa amayi ake. Pakhomo Millicent anatembenuka, n'kuthamanga kudzamupatsa Esitele theka la bisiketi limene anali atafumbata. Agogo ake anamukoka dzanja, n'kumenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa pakhoma. Esitele anakhala pansi pambali pa bokosi lake n'kulira. Galimoto itafika 4 koloko anapukuta nkhope, anasayina pepala, n'kupereka magaziwo.

Masiku khumi ndi asanu ndi awiri anapita. M'mawa uliwonse Esitele ankapita ku Misa yoyamba, ndipo pempho lake linali limodzi. Za mwanayo ankamufunsa Gerald kamodzi patsiku, pa chakudya cham'mawa, ndipo yankho linali lomwelo: "Tidikire kaye."

Loweruka lina m'mawa kunafika Tabeth, mlongo wake wa Gerald, panjinga, siketi yonse ili matope. Anatsitsa mtolo wa nkhwani n'kuuika pakhonde.

"Kunyumba ndanama kuti ndikukagulitsa masamba ku Boma," anatero. "Alamu, Mili wadwala. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ndi chikuku."

"Akudya?"

"Ayi. Amutsekera m'nyumba ya amayi, mawindo atseka ndi masaka. Maso sakutsekula. Amayi akumuthiramo madzi a masamba osinja, m'mawa ndi madzulo. Kupuma kwake ndi kumene kwandithamangitsa. Akupuma ngati nkhuku ya padzuwa."

Esitele sanasinthe n'zovala zomwe. Anamuphikira Tabeth tiyi chifukwa anaona kuti watopa, ndipo pamene mlamu wakeyo ankamwa, iye anaika m'kachikwama wotchi, korona yopempherera ndi mpango woyera. Bokosi analisiya, ndipo galimoto ya ntchito sanaiitane. Ankadziwa zimene anthu angachite ataona galimoto yoyera ya boma ikulowa m'mudzi masiku amenewo.

Esitele anamupeza Gerald pa boda, pakati pa malole, mapepala ali kukhwapa.

"Mwana wanu ali ndi chikuku, ndipo chalowa m'chifuwa. Ndikupita kukamutenga."

"Esitele, amayi amadziwa kusamala chikuku. Tonsefe anatilera. Tiyeni tidikire Lolemba, ndikambe kaye ndi abambo aakulu."

"Sindikukupemphani chilolezo. Ndikukupemphani makiyi a galimoto. Ngati mukuopa kuyendetsa, ndipeza woyendetsa."

Madalaivala awiri amene anali pafupi anasiya kucheza. Gerald anayang'ana pansi, anapereka mapepala kwa mnzake, n'kupita kukaliza pikapu ya kuntchito kwawo.

Galimoto anaisiya pamsewu chifukwa njira yolowera m'mudzi inali itakumbika ndi mvula. Atafika pabwalo anapeza a Elijah, mkulu wa malemu bambo a Gerald, atakhala pampando patsogolo pa nyumba ya mayi Zelifa. Chitseko chinali chotseka. M'kati munkamveka chifuwa chouma cha mwana.

Esitele anagwada pamatope n'kuwapatsa moni monga mwa mwambo. A Elijah anayankha moni wa Gerald yekha.

"Wabwera bwino, mwana wanga, koma m'nyumbamu simulowa. Mwambo wa chikuku ukuudziwa. Inu ogona nyumba imodzi ndinu otentha, mukalowa mumupha. Mwana wa chikuku saona dzuwa, sasamba, ndipo sabayidwa jekeseni. Akabayidwa, zidzolo zimabwerera m'kati. Ukatero wakumba manda."

Chitseko chinatsekuka pang'ono, mayi Zelifa n'kutuluka. Maso awo anali ofiira ndi kusagona. Ataona Esitele anakuwa.

"Wadzatani uyu? Wadzamalizitsa? Mwana anachoka kwanu magazi atatha kale m'thupi. Anthuni, bwerani mudzaone namapopa wa m'banja mwanga!"

Anthu anayamba kutuluka m'nyumba ndi m'minda yapafupi. Amuna ena anabwera ndi makasu ali m'manja, mmene anachokera kopalira. Wina kumbuyo anati, "Ndi yemwe uja wa timabotolo." Gerald anagwira mkazi wake pamkono.

"Tiye tizipita. Chonde. Atipweteka."

Esitele anachotsa dzanja lake. Anaimirira, anatsekula kachikwama kake, n'kukhuthulira zonse pakhonde, a Elijah akuona: wotchi, korona, mpango.

"Onani nonse. Singano palibe, botolo palibe. Inde, ndine wa timabotolo uja. Ndinatenga magazi a ana anayi m'mudzi muno, amayi awo akuona, masana dzuwa likuwala. Anawo alipo, afunseni eni ake. Magazi a Millicent sindikuwafuna, chifukwa chimene akudwala ndachimva ndili panja pano. Ndikufuna mwanayo."

"Si wako!" anatero mayi Zelifa. "Unamubereka iwe? Ukudziwa kupweteka kwa mimba iwe?"

Mawuwo anamulasa Esitele, ndipo misozi inatsika onse akuona. Sanaipukute.

"Sindikudziwa, amayi. Mulungu sanandipatse. Chimene anandipatsa ndi sukulu, ndipo lero ndiigwiritsa ntchito."

Anatenga wotchi, korona ndi mpango uja n'kulunjika pakhomo. Mayi Zelifa anatambasula manja kutseka njira, koma Tabeth anawakumbatira kuchokera kumbuyo, akulira. "Amayi, asiyeni angomuona. Kungomuona basi."

M'nyumbamo munali mdima ndi fungo la utsi. Esitele anachotsa saka pawindo. Millicent anali pamphasa, atafunditsidwa mabulangete awiri, thupi lonse zidzolo, milomo itang'ambika, zikope zitamatana ndi mafinya obiriwira ndi masamba. Pambali pake panali kapu ya phala losakhudzidwa ndi kansalu konyowa. Zinkaoneka kuti agogo ake sanachoke pamenepo masiku onsewo.

Esitele anavundukula mabulangete, anakweza kamalaya ka mwanayo, n'kuyang'ana wotchi. Anawerenga mpweya mpaka mphindi inakwana. Kenako anaitana, osakweza mawu.

"Amayi, bwerani muone."

Mayi Zelifa anali ataima kale pakhomo.

"Taonani pansi pa nthiti apa. Akamakoka mpweya pakulowa m'kati. Mwana wa msinkhu uwu amapuma kosapitirira makumi atatu pa mphindi. Uyu wapuma makumi asanu ndi limodzi kudza kanayi. Ichi si chikuku chokha, ndi chibayo. Zidzolo zilibe kobwerera, amayi, zimangofota zokha. Chimene chimapha ndi ichi mukuchionachi. Mwamusamala, ndaona. Koma pamphasa pano safika Lolemba."

"Bodza," anatero mayi Zelifa, koma mawu awo anali otsika.

Millicent anatembenuza mutu kutsata mawu. "Amami?"

"Ndabwera, Mili. Tikupita."

Esitele anamunyamula. Analibe chomuberekera. Tabeth anamasula chitenje chake cha m'chiuno, anamuthandiza kuika mwana kumsana, n'kumanga mfundo yekha. Mpango woyera uja anauphimba pankhope pa mwanayo kuti kuwala kusamupweteke.

Panja a Elijah anali ataimirira, ndodo ili m'manja.

"Mtengwa, ndimvere bwino. Mwana uyu ndi wa pamudzi pano. Ukadutsa naye pa mpanda uwo, ukwati wako watha lero. Usadzapondenso pano. Ndipo akakafera m'manja mwako, mlandu ndi wako wekha."

"Ndamva, abambo. Ukwatiwo muuthetse, muli ndi mphamvu. Akakafa, mudzandipeze ku chipatala cha pa Boma, sindithawa. Koma sindimusiya pano kuti ndisunge ukwati."

"Gerald!" anakuwa a Elijah. "Ukungoyang'ana? Mkazi akundiyankha chonchi pamaso pako?"

Gerald anayang'ana abambo ake aakulu, anayang'ana amayi ake, kenako miyendo ya mwana wake imene inkalendewera kumsana kwa Esitele. Esitele sanamudikire. Anayenda molunjika kwa amuna a makasu aja, akupemphera Tikuoneni Maria chamumtima. Mwamuna woyamba sanasunthe mpaka anafika pafupi kwambiri. Atamva kupuma kwa mwanayo anatsitsa khasu n'kupatuka, ndipo enawo anapatukanso. Mayi wina amene Esitele sankamudziwa dzina anathamanga n'kumupatsa ambulera, chifukwa mvula inali itayamba kuwaza.

Atatsala pang'ono kufika pamsewu anamva mapazi kumbuyo. Anali Gerald, akuthamanga, makiyi ali m'manja, akulira ngati mwana.

Ku chipatala anamugoneka Millicent m'chipinda chapadera cha ana a chikuku. Anamubaya mankhwala a chibayo, anamudonthezera vitamini m'kamwa, ndipo namwino anamutsuka maso pang'onopang'ono ndi madzi oyera. Masiku atatu oyamba palibe amene analonjeza kanthu. Esitele ankakhala pampando wachitsulo pambali pa bedi, wotchi kudzanja limodzi, korona kudzanja linalo. Mayi wa pabedi loyandikana ankamusungira madzi otentha m'fulasiki osapemphedwa.

Tsiku lachinayi mpweya unatsika kufika makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Tsiku lachisanu Millicent anapempha nthochi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anatsekula maso. Lakumanja linali bwino. Lakumanzere linali ndi kamtambo koyera pakati. Dokotala analiyang'ana nthawi yaitali ndi tochi, kenako anamuitanira Esitele pakhonde n'kumuuza zimene iye ankadziwa kale.

Masana a tsiku lomwelo Gerald anabwera kuchokera kumudzi. Anakhala m'mphepete mwa bedi, akusisita phazi la mwana wake.

"Akuluakulu akumana," anatero. "Akuti poti mwana wachira, nkhani ya ukwati ikhoza kukambidwa. Akuti upite ndi nkhuku, ukagwade kwa abambo aakulu ndi kwa amayi, ukapepese polowa m'nyumba ya chikuku ndi poyankha akulu pagulu. Zikatero zatha."

"Ndikapepese kuti ndinalakwa kumutenga?"

"Ndi mawu chabe, Esitele. Ungonena, tibwerere kunyumba."

"M'mudzi muja muli ana ena, bambo a Mili. Ndikakagwada n'kunena kuti ndinalakwa, mayi aliyense amva kuti mwana wa chikuku azitsekeredwa m'nyumba. Nkhuku ndikhoza kuwapatsa khumi, ndi makolo anga. Koma mawu amenewo sindinena. Ndipo mukawauze kuti zotsatira zabwera ku Lilongwe. Mwa ana khumi ndi awiri aja, asanu ndi anayi ali ndi chikuku. Lachiwiri anthu a katemera akupita kwa Zulu, ndipo ine ndidzakhala nawo. A Elijah ananena kuti ndisadzapondenso. Ndidzaponda."

"Nanga ine ndiima pati?"

"Zimenezo musankhe nokha. Ine ndasankha kale."

Gerald anaimirira. Kenako anavula jekete lake n'kulikoloweka kumutu kwa bedi, ndipo kumudzi sanabwerere tsiku limenelo.

M'mawa mwake, nthawi yoona odwala, Esitele akumwetsa mwana phala, namwino anati pakhomo pali munthu. Anali mayi Zelifa. Anali atavala chitenje chawo cha ku Misa, mapazi ali matope, m'manja muli kathumba ka mango. Sanalowe. Anaima pakhomo, khosi lili chilili.

"Sindinabwere kudzapepesa," anatero.

"Inenso sindipepesa, amayi."

Anayang'anana. Kenako Esitele anaimirira, anapukuta mpando wachitsulo uja ndi m'mphepete mwa chitenje chake, n'kuukankhira pafupi ndi bedi.

"Khalani apa. Mwayenda mtunda."

Mayi Zelifa analowa pang'onopang'ono n'kukhala. Mpandowo unali kumanzere kwa bedi. "Mili," anaitana. "Mili, ndine agogo."

Mwanayo anamwetulira, koma sanawapeze. Anatambasula dzanja m'mwamba mopapasa, kenako anatembenuza mutu wonse mpaka diso lakumanja linawaona.

"Agogo! Bwanji mwabisala?"

Apa ndi pamene mayi Zelifa anaona kamtambo koyera kaja. Anayandikitsa nkhope, anayang'anitsitsa, ndipo kathumba ka mango kanagwa pansi. Anatembenukira kwa Esitele.

"Lidzayera?"

"Ayi, amayi."

"Ndi masamba aja?"

Esitele akanatha kunena zambiri, ndipo anali atazikonza masiku onse aja pampando wachitsulo. Koma anazisiya zonse.

"Chikuku chimawononga maso pachokha. Masamba anawonjezera. Sindikunamizani."

Mayi Zelifa anaphimba nkhope ndi manja n'kulira mokweza, mpaka amayi a pamabedi ena anatembenuka. Palibe amene anawatonthoza msanga. Millicent anawasisita pamkono, akudabwa. Atatopa kulira anapukuta maso, n'kulankhula atayang'ana pansi.

"Ana awiri a Tabeth ayamba kutentha thupi dzulo. A Elijah akuti atsekeredwe."

"Ali kuti?"

"Ali panja, pansi pa mtengo, ndi mayi awo. Ndabwera nawo."

Esitele anawapatsa mayi Zelifa kapu ya phala ndi supuni.

"Mumwetseni, koma mukhale mbali iyi, kuti azikuonani."

Mayi Zelifa ananyamula mpando okha n'kuzungulira bedi. Esitele anamanga wotchi yake padzanja n'kutuluka kupita pansi pa mtengo.